Kamaiki kopanira pa sax kangokhala duu, thandizeni lisanafike Loweruka

SaxWaMalombe
Moni akuluakulu ndi amayi a pagulu pano. Ndabwera ndi vuto ndipo nthawi yanditsalira yochepa, Loweruka likubwerali tili ndi ukwati kugombe cha ku Makawa. Ine ndimaimba alto sax mu kabandi kathu ka anthu asanu ndi mmodzi. Zaka zonsezi ndakhala ndikuimbira pa maiki ya pa sitandi, yofanana ndi ya oimba pakamwa, koma inanditopetsa. Pa perekaniperekani anthu amafuna uwalondole m'bwalo, pomwe iwe ukangosuntha phazi limodzi mawu athawa. Ndiye achimwene anga amene ali ku Joni ananditumizira kamaiki kopanira kukamwa kwa sax. Kali ndi kakhosi kopindika ngati ka kakowa, kawaya kopyapyala, ndipo kumapeto kwa kawayako kuli kachitsulo konenepa ngati chala chachikulu komwe amalumikizapo XLR, pulagi ija ya mano atatu ya mamaiki. Dzulo tinakayesa ku pulakatisi. Waya wa XLR wapadera tinalibe, ndiye ndinabwereka wa mnyamata wa kiyibodi, uja wa XLR mbali ina, jack mbali inayo, n'kulowetsa mu mikisa. Zii. Takweza gain, kopotokola kokwezera mphamvu ya maiki, mpaka kumapeto, kungomva fuuu basi. Kodi achimwene anawagulitsa chakufa? Ndiwauze akabweze, kapena pali chimene ine sindikudziwa?

DJ_Usipa
Katundu wogula pamsewu ku Joni ameneyo kkkk. Achimwene anuwo anawadyera masuku pamutu.

Mikisa_Makawa
Musawanamizire achimwene anu, kamaikiko n'kutheka kali bwinobwino, mwangokamana chakudya. Maiki ya oimba pakamwa ija, monga SM58, ndi ya mtundu wa dynamic. Mkati mwake muli kawaya kozengezeka ndi maginito, mawu akagwedeza kachikopa kake imadzipangira yokha timagetsi, sifuna kudyetsedwa ndi munthu. Kanuko ndi condenser. Kachikopa kake n'kopepuka kwambiri, n'chifukwa chake kamatola ndi kupuma komwe kwa woimba, koma mkati muli ka transistor komwe popanda magetsi sikadzuka. Magetsiwo amachokera mu mikisa, n'kuyenda m'waya womwewo umene mukudutsa mawu. Amawatchula phantom power, kunena kuti magetsi amzukwa, poti waya wake wapadera suoneka.

Ndiye apa pali zolakwika ziwiri. Choyamba ndi wayayo. Magetsi amenewa amayenda pa timano tiwiri ta XLR, nambala 2 ndi 3, n'kubwerera pa nambala 1. Kubowo la jack la pa mikisa kulibe magetsi amenewa, ngakhale mutapemphera. Pezani waya wa XLR mbali zonse ziwiri. Chachiwiri, yang'anani pa mikisa yanu kabatani kolembedwa +48V kapena PHANTOM, nthawi zambiri kamakhala kofiira, pena kamabisala kumbuyo pafupi ndi polowera magetsi. Musanakadine, tsitsani mawu onse a masipika, chifukwa pokadina pamamveka phu! wamphamvu woti akhoza kukuphererani tweeter, kasipika kakang'ono ka mawu a m'mwamba.

SaxWaMalombe
Bwana Mikisa, kabataniko ndakaona, kali kumbuyo ndipo kanachita fumbi, chigulireni sitinakakhudzepo. Koma ndi kamodzi kokha pa mikisa yonse. Mnyamata wa kiyibodi akuti tikakadina tiwotcha mamaiki a oimba. Zoona?

DJ_Usipa
Wa kiyibodi azisamala za kiyibodi.

Namwera48V
Sizoona kwenikweni, koma mnyamatayo sanalote. Maiki ya dynamic yolumikizidwa ndi waya wa XLR wabwinobwino simva kanthu, chifukwa timano tiwiri tija timalandira magetsi ofanana ndendende, ndiye mu koyilo yake simudutsa kalikonse. Zimenezi sizinayambe lero ayi. Kampani ya Neumann ya ku Germany inayamba kugwiritsa ntchito 48V mu 1966, chaka chomwe dziko lino linakhala lipabuliki, ndipo SM58 nayo inatuluka chaka chomwecho. Zakhala zikugonera nyumba imodzi zaka zonsezi osamenyana.

Chimene chimawotcha zinthu ndi mawaya athu owotcherera tokha pansi pa mtengo wa mango, aja wina analumikiza mano awiri pamodzi poti sanadziwe kuti lachitatu ndi lachiyani. Komanso foni kapena laputopu imene mwailowetsa kubowo la XLR kudzera pa ka adapter. Ine laputopu yanga inasiya kutulutsa mawu pa chinkhoswe china ku Namwera kuno chifukwa cha zimenezi, DJ anadina batani osandiuza. Ndiye foni, laputopu ndi kiyibodi zizilowa ku jack kapena ku RCA, kapena zidutse mu DI box, kabokosi koima pakati pa chida ndi bowo la XLR. Ku XLR kuzipita mamaiki okha.

LipengaLaMalindi
Ana anga, ndakhala ndikuwerenga ndili chete. Ine lipenga ndinayamba kuliza ndili mnyamata mu bandi ya kutchalitchi, pano imvi zili mbuu. Funso langa ndi lakuti kamaikiko mukukafunira chiyani? Adolphe Sax, mzungu wa ku Belgium amene anapanga chida chimenechi n'kuchilembetsa ku Paris mu 1846, anachipanga kuti chizimveka mu bandi ya asilikali panja, popanda waya ndi mmodzi yemwe. Ife tinkaguba kuchoka kutchalitchi mpaka kumanda, anthu a m'ngalawa panyanja ankatimva. Mukafuna maiki, ya pa sitandi ndiyo imakupatsani ulamuliro. Nyimbo ikafuna kufewa mumabwerera m'mbuyo pang'ono, ikafuna mphamvu mumayandikira. Kopanirako kamakutsatirani ngati nkhupakupa, mukalakwitsa noti palibe kothawira, mukameza malovu khamu lonse limva.

KabazaJazz
Agogo, ulemu wanu, koma nthawi yanu ija munalibe wa ng'oma womenya ngati akuswa miyala, ndi masipika a bass anayi kumbuyo kwanu. Lero popanda maiki sax imangooneka ndi maso.

LipengaLaMalindi
Ndiye vuto ndi wa ng'omayo, osati sax. Muuzeni achepetse.

KabazaJazz
Mwayesapo kumuuza wa ng'oma kuti achepetse? Kkkk

SaxWaMalombe
Abale, kalankhula! Ndabwereka waya kwa anzathu a kwaya ina kuno ku Boma, tadina batani, mawu kutuluka. Achimwene ndinali nditawatumizira kale uthenga wodandaula, ndachita kupepesa. Koma tsopano pabuka zina. Mabatani a sax akumveka kwapakwapa mu sipika ngati munthu akutaipa. Manoti a pansi akubangula ngati ng'ombe, a m'mwamba akumveka patali. Ndiye nditawerama pang'ono kufuna kutola reed, kabango kouzira kaja, pansi pafupi ndi monitor, sipika yodzimverera oimba, kunalira fwiiii mpaka mwana wa eni nyumba anathawa. Ndi kalira kotere sindingapite nako kuukwati wa anthu.

LipengaLaMalindi
Ndinanena.

Mikisa_Makawa
Bambo Lipenga akunena zoona pa chinthu chimodzi, kamaikika sikabisa kanthu. Koma zonse zitatu mwatchulazo zili ndi mankhwala.

Ndiyambe ndi kubangula. Ndikhulupirira mwakalowetsa mkati mwenimweni mwa kamwa la sax, poganiza kuti mawu onse amatulukira kumeneko. Pa lipenga ndi trombone zili choncho, chifukwa ndi paipi yopanda mabowo, mawu alibe kwina kotulukira. Sax ndi ina. Thupi lake lonse ndi mabowo, ndipo noti iliyonse imatulukira kwambiri pa mabowo amene ali otsegula nthawi imeneyo. Manoti a pansi penipeni, pamene mwatseka mabowo onse, ndiwo amatulukira kukamwa. Mukakwera m'mwamba mawu ambiri akuthawira m'mbali, pafupi ndi zala zanu. Ndiye maiki ikakhala mkati mwa kamwa imamva B flat wapansi ngati bingu, a m'mwamba n'kumawamvera kutali. Kuwonjezera apo, maiki ya cardioid, yomva kwambiri za kutsogolo kwake, ikayandikira kwambiri chinthu imanenepetsa bass yokha.

Pindani kakhosi kaja kuti mutu wa maiki utuluke kunja, utalikire ndi kamwa ngati zala zinayi, usaloze pakati penipeni pa dzenje koma chakumphepete, mopendekera pang'ono ku thupi la sax. Imbani kuchoka pansi mpaka m'mwamba wina akumvetsera pa sipika, muzisuntha pang'onopang'ono mpaka manoti afanane mphamvu. Malo mukawapeza, jambulani pa foni kuti Loweruka musayambirenso.

Za kwapakwapa. Phokoso lina likudutsa m'chitsulo kupita ku kopanira, osati mumpweya. Onetsetsani kuti timalabala ta pa kopanira tilipo tonse, ndipo kawaya kasamagunde thupi la sax. Kenako dinani low cut, kabatani kodula mawu a pansi kwambiri, pa tchanelo chanu, pa mamikisa ambiri kamadula pa 80 kapena 100 Hz. Noti yotsikitsitsa ya alto ili cha pa 138 Hz, ndiye simutaya kanthu, mungotaya kugunda kwa zala ndi kwa mapazi. Wa tenor amatsika mpaka cha pa 104, akadali bwino ndi 80. Wa baritone yekha ndiye asamale, amatsika kupitirira 70. Phokoso likapitirirabe ndiye kuti vuto ndi sax yeniyeniyo, timakoko ndi tinsalu ta pansi pa mabatani tinatha, chitsulo chikugunda chitsulo chinzake. Maiki ya pa sitandi inkakubisirani zimenezo.

Kulira kuja n'kosavuta kumvetsa. Kamwa la sax lili ngati beseni. Mukaweramira ku monitor limatunga mawu a mu monitor n'kuwaponyera mu maiki, maiki n'kuwabwezera ku monitor, zizingozungulira. Sax mumaimva kale ndi makutu anu ndi m'mano momwe, ndiye mu monitor yanu ichotsenimo kapena muisiye pang'ono chabe. Ndipo musamayende kutsogolo kwa masipika akuluakulu kamwa la sax litaloza komweko.

MaiChitoliro
Zikomo bambo Mikisa, mwafotokoza ngati mphunzitsi. Ndiloleni ndikwere nawo galimoto yomweyi. Ine ndimaphunzitsa ana nyimbo kusukulu ina cha ku Monkey Bay ndipo ndimaimba flute kutchalitchi. Ndinabwerekapo kamaiki ngati kameneka n'kukapanira kumapeto kwa flute, kumchira. Sikanatole kanthu kupatula phokoso la ng'oma. Ndinalakwitsa pati?

Mikisa_Makawa
Mayi, flute mawu ake ambiri amabadwira pakamwa panu pomwe, pa bowo louzirapo, ena pa bowo loyamba lotsegula. Kumchira kumatuluka zochepa. Maiki izikhala kufupi ndi bowo louzira koma pambali kapena pamwamba pang'ono, isakhale m'njira ya mpweya wanu, apo ayi izingomveka ngati mukuuzira moto. Ambiri amangovala maiki ya kumutu ija ya alaliki n'kuikankhira chakutsaya. Clarinet ndi soprano sax yowongoka nazonso zimavuta chimodzimodzi, kamwa lake limaloza pansi, kutali ndi mabowo. Pamenepo maiki izikhala chapakati pa thupi, ena amaika ziwiri.

MaiChitoliro
Ya alaliki ilipo, koma kuti abusa aibwereketse ndiye nkhani ina.

NsombaYouma
Pepani ndikhotetse pang'ono. Mwatchula reed. Kuno simupezeka, timachita kuitanitsa ku Blantyre kapena ku Lilongwe, ndipo chigwetsereni kwacha mu November 2023 bokosi limodzi likuwawa. Bango lili mbwee m'mbali mwa Shire ndi ku Malombe, palibe amene anayesapo kusema yekha?

KabazaJazz
Ndinayesa ine. Inalira ngati bakha wodwala, kenako inang'ambika pakati pa nyimbo yachiwiri.

Namwera48V
Bango lathuli ndi lopyapyala khungu, silikwana. Ma reed a Vandoren ndi ena amasema ku mtundu wina wa bango lonenepa wotchedwa Arundo donax, lambiri limalimidwa kumwera kwa France, ndipo amaliumitsa nthawi yaitali asanaseme. Ngati ndalama ikuvuta gulani reed ya pulasitiki imodzi, imakhala miyezi ndipo siuma ndi kutentha kwa October. Ena amati mawu ake ndi ouma, koma kuukwati ndani akumva?

LipengaLaMalindi
Ine ndimamva.

CheBeni
Inu mukukangana za reed, ife a beni chida chathu ndi ng'oma, wezulo ndi mapazi, sitinaitanitsepo kanthu ku France. Pajatu dzina lakuti beni linachokera ku band ya asilikali yomwe agogo Lipenga akunenayo, makolo anaona azungu akuguba ndi malipenga n'kupanga yawo. Tiitaneni kuukwatiko, magetsi akathima tikupulumutsani.

DJ_Usipa
A beni mumadya kwambiri, eni ukwati sangakwanitse.

CheBeni
Wanena ndani, DJ wodya mbale ziwiri n'kulongedza yachitatu mu chikwama cha laputopu?

Woyang'anira_Shire
Amangwetu, za mpunga tikambirana tsiku lina. Mnzathu ali ndi ukwati Loweruka, tibwerere ku maiki.

SaxWaMalombe
Zikomo a Woyang'anira. Ndatulutsa mutu wa maiki kunja monga anenera bwana Mikisa, kusiyana kwake ngati usiku ndi usana. Kwapakwapa wachepa koma sanathe, ndapeza kuti pa batani la G sharp ndi ena awiri a m'munsi timakoko tinagwa kalekale. Ndamatapo tizidutswa ta koko ya botolo tosema ndi lezala, pakadali pano zagwira. Koma ndazindikira chinthu china chondichititsa manyazi. Ndimafuna kuyenda m'bwalo, koma kamaikika kali ndi waya wopita ku mikisa. Ndiye ndangochoka pa sitandi n'kumangidwa chingwe ngati mbuzi. Ndingakalumikize ku wireless ya MC ija?

WakuJoni77
Apa ndiye samalani amwene, ndinatayapo ndalama. Timamaiki timeneti timabwera mitundu iwiri, ka waya ndi ka wireless, ngakhale mutu wake ndi umodzimodzi. Mwachitsanzo Shure ali ndi Beta 98H/C ya XLR, ndiye WB98H/C yolowa mu kabokosi ka m'chiuno. Ndipo kampani iliyonse ili ndi pulagi yakeyake. Shure ndi ka mini XLR ka mabowo anayi kotchedwa TA4F, AKG ka mabowo atatu, Sennheiser ndi ka jack kakang'ono ka 3.5 mm komanga ndi sikuluwu, DPA ali ndi kawo kotchedwa MicroDot komwe umagulira adapter ya kampani iliyonse. Ngakhale pulagi italowa, mawaya a mkati akhoza kukhala osiyana. Ine ndinagula maiki kwina, kabokosi kwina, zonse zabwinobwino, koma sizinalankhulane mpaka ndinagulitsa chimodzi motchipa. Mukamatuma munthu kuno, mutumizireni chithunzi cha bowo la kabokosi kanu, osangoti mundigulire maiki ya sax.

Namwera48V
Ndiwonjezere apo. Kabokosi ka m'chiuno sikatulutsa 48V, kamapereka timagetsi tochepa, mavoti asanu kapena chapompo. Mutu wa maiki umafuna tomweto. Kachitsulo konenepa kamene a SaxWaMalombe anatchula koyambirira kaja ntchito yake ndi kutsitsa 48V ya mu mikisa kuti ifike pa mlingo umenewo. Ndiye wina asadzayerekeze kudula waya n'kuwotcherera XLR mwachindunji kuti achotse kachitsuloko, mutu upsa nthawi yomweyo. Onani ngati kawaya kanu kamazuka pa kachitsuloko. Ngati kamazuka, mwina kakhoza kulowa mu kabokosi koyenera. Ngati n'kogwirira, Loweruka lino iwalani za wireless.

SaxWaMalombe
N'kogwirira.

Mikisa_Makawa
Musadandaule, kwa ine ndi bwinonso. Wireless yotchipa kuukwati ndi mtima m'mwamba, batire limatha mkwatibwi akulowa, kapena ikulimbana ndi ya MC poti zonse zili pa frequency imodzi. Lumikizani mawaya awiri a XLR a mamita 10, mukhala ndi mamita 20, okwana kufika pakati pa bwalo. XLR sitaya mawu pa mtunda ngati umenewo. Chofunika kwambiri ndi ichi: kachitsulo kaja kakoleni pa lamba wa thalauza, waya wonenepa muupise pa lamba kawiri. Munthu akaponda waya, chikoke chiuno chanu, osati kawaya kopyapyala kaja. Timamaiki tambiri timene ndaona titafa tinafera pa kawaya, pamene kamalowa m'mutu kapena mu pulagi, ndipo kuwotcherera kwake ndi kovuta, timawaya ta mkati tili ngati tsitsi.

LipengaLaMalindi
Ndiye mwagula maiki yoti muziyenda, koma muyenda mutamangidwa m'chiuno. Chabwino. Koma poti mwaumirira, ndikuuzeni chimodzi chimene ndikudziwa ine. Mdzukulu wanga anapanira kotereka pa lipenga langa pa Khirisimasi. Lipenga si sax, pakamwa pake mawu amapitirira 130 dB munthu akauzira ndi mtima wonse. Zinkamveka ngati nsalu ikung'ambika. Mnyamata wa makina anati maiki yafa, koma kunali kungodina kabatani kolembedwa PAD, kochepetsa mphamvu ya mawu olowa, ndi kutsitsa gain. Ndiye poyesa maiki muziuzira mwamphamvu ngati mmene mudzauzire anthu akayamba kuponya ndalama, osati monyengerera ngati muli pa maliro. Oimba ambiri amanama pa sound check.

KabazaJazz
Ohoo, ndiye agogo munakagwiritsapo ntchito kankhupakupa!

LipengaLaMalindi
Kamodzi. Anachita kundikakamiza.

MlondaWaDoko
Palibe amene watchula mphepo. Uno ndi July abale, mwera uli pachimake, ndipo ukwati uli kugombe. Ine ndimagwira ntchito pa loji ina m'mbali mwa nyanja, mabandi ndimawaona mwezi ndi mwezi, kuyambira masiku aja chikondwerero cha nyimbo cha Lake of Stars chinkachitikira ku Nkopola. Masana kukhoza kukhala bata, koma mphepo ikadzuka condenser yopanda kachipewa imangoti bububu, sax osamveka. Kasiponji kaja kali m'bokosi musakasiye kunyumba poti n'konyansa. Kamangeni ndi kalabala kapena ulusi, kamagwa msanga ndipo mumchenga usiku simukapeza. Muimenso mopatsa mphepo msana kuti thupi lanu litchinge. Mchenga nawo usalowe mu XLR, polumikizira mawaya awiri paja pakulungeni ndi pulasitiki n'kumata tepi.

MaiChitoliro
Ndi chinyezi cha kunyanja chomwe. Kiyibodi ya kusukulu kwathu ma jack ake anachita dzimbiri chaka chimodzi chokha.

Namwera48V
Eya, condenser imadana ndi chinyezi kuposa dynamic, ikanyowa imayamba kuthetheka ngati nsomba mu mafuta. Mukamaliza kuimba musaitsekere m'bokosi limodzi ndi sax yonyowa malovu. Ichotseni, siponji iume payokha, maiki muisunge mu kachitini kotseka bwino ndi timapaketi ta silica tija timabwera m'bokosi la nsapato. Kopanira kakakhalitsa pa sax masiku ambiri kunja kukutentha, labala amasiya chipsera pa utoto wa golide uja.

NsombaYouma
Nanga wofuna kugula yabwino kamodzi n'kamodzi agule iti? Ndili ndi tenor.

WakuJoni77
Zimene ndimaziona kwambiri m'masitolo a zoimbira kuno ndi Audio-Technica PRO 35 ndi ATM350, Shure Beta 98H/C ndi PGA98H yotsikirapo mtengo, AKG C519, Sennheiser e908. DPA 4099 ya ku Denmark ndiye ya mabwana, mtengo wake mungagulire sax ina yakale. Ngati mikisa yanu ilibe phantom, pali Sennheiser e608, yopanira koma ya dynamic, sifuna magetsi. Kapena mugule kabokosi ka phantom kapadera kokhala pakati pa maiki ndi mikisa. Chenjerani ndi zabodza zokhala ndi dzina lalikulu pa mtengo wa tomato, zadzaza pa intaneti.

Mikisa_Makawa
Ine ndinganene mosiyana pang'ono. Munthu amene amaimba pa mamikisa a eni ake, lero pano mawa apo, osadziwa chimene akapeze, SM57, maiki ya dynamic, ndi sitandi yake asazitaye. Ndafikapo pa maukwati pomwe mikisa ndi ija yomatirira ku amplifaya, ya mabowo a jack okhaokha. Pamenepo kamaiki ka ndalama zambiri kamangokhala chokongoletsa. Kopanira kabwere ngati kachiwiri.

LipengaLaMalindi
Mwafika pamene ndinayambira paja.

Mikisa_Makawa
Pafupi bambo, koma osati penipeni. Inu munati asagule n'komwe.

SaxWaMalombe
Ndabwera kudzapereka lipoti, dzulo sindikanatha, ndinafika kunyumba tambala atalira. Mwera unabweradi cha m'ma 4 koloko, mpaka tenti imodzi inazuka chikhomo. A Mlonda, siponji ija ndinaimanga ndi ulusi wa ukonde, sinasunthe. Sitandi ndi maiki yakale ndinanyamulabe, zinangokhala kumbuyo kwa wa ng'oma osagwira ntchito. Magetsi anathima kamodzi mkati mwa malonje, ndinathamanga kukatsitsa mawu asanalize jenereta, wa kiyibodi anandiyang'ana ngati ndine injiniya.

Pa perekaniperekani ndinalowa m'bwalo ndi mamita 20 anga, mwana wa mlongo wanga akundigwirira waya kumbuyo ngati wogwira chovala cha mkwatibwi. Anapondapo anthu atatu, katatu konse chinakoka lamba, maiki osamva kanthu. Kulira kunachitika kamodzi, nditaiwala n'kutembenukira ku sipika ya kumanja, ndinangozungulira msanga ngati ndi sitepe yovina.

Chimene palibe anandichenjeza ndi azakhali a mkwati. Anabwera akuvina, chitenje m'chiuno, ndalama ili m'manja, m'malo moponya m'lichero anaipinda n'kuikankhira m'kamwa mwa sax, chigongono n'kugunda maiki. Mu masipika munamveka ngati mfuti, ana kulira, MC kugwetsa pepala. Kakhosi kanapindikira mkati, ndipo mpaka nyimbo kutha ndinkabangula ngati ng'ombe ija, manoti a pansi osatuluka bwino poti ndalama inatsekereza. Anzawo ataona anayamba kupanga mzere.

DJ_Usipa
Funso ndi limodzi. Inali ya zingati?

SaxWaMalombe
K5,000. Ya azakhali yokhayo. Enawo ma K200, ndawatulutsa ndi waya wa hang'ala m'mawa uno, ina ikadali mkati pokhota paja.

CheBeni
Imeneyo ndi ya beni, tinakupemphererani.

MaiChitoliro
Abusa avomera ya kumutu ija, koma akuti ndibweze ulaliki usanayambe. Bambo Mikisa, pa flute low cut ndidinenso?

Mikisa_Makawa
Dinani mayi, flute imayambira cha pa 262 Hz, pansi pake palibe chanu.